Bampala ya Aneba Anga

Taganizani m'mawa wamba: ine ndikupita kukaphunzitsa, aneba anga okalamba agwada pabwalo, akupala bampala ya pulasitiki ya galimoto yawo ndi sandipepa wonyowa. Sapupuluma. Amati, "Aphunzitsi, utoto uli ngati ana anu, sufuna kuukalipira."

Bampalayo anaikhulitsa pageti, chonsecho mwana wawo wamkazi anali atawachenjeza kuti akadzagundanso adzawalanda makiyi. Pofuna kubisa ngoziyo, anapopera utoto katatu, mopyapyala, akudikira kuti uume.

Mwanayo atabwera anaseka. "Bambo, galimoto yonse yasuluka, bampala yokha ikuwala. Mwagunda chiyani?"

"Geti," anavomera. "Koma tayang'ana ntchitoyi. Manja onjenjemera angachite zimenezi?"

Iye anasisita bampalayo, osapeza podontha utoto ngakhale pamodzi. Makiyi anawasiyira, ndipo aneba anga akuyendetsabe galimoto yawo.