Shati ya Banga Lobiriwira

Ba Tembo, mphunzitsi wanga pantchito yofufuza madzi apansi panthaka, lero ndapeza shati ija ya banga lobiriwira, ndaseka ndekha.

Mukukumbuka ku Makeni, mu Lusaka muja? Tinkafufuza ngati zoipa za m'zimbudzi zingafike pachitsime chomwe mabanja ankamwapo. Ndinawerengetsa pakompyuta kasanu konse, yankho lili limodzi: madzi atenga miyezi kudutsa m'thanthwe, majeremusi atafa kale. Ndinatsala pang'ono kusaina kuti chitsime chili bwino. Inu munati, "Yembekeza, tithileko utoto tione." Tinathira utoto wosavulaza m'dzenje pafupi ndi zimbudzizo.

M'mawa mwake mayi wina anatipeza atanyamula chidebe cha madzi a pachitsime chija, ali biriwiri. "Ndimwe mwatipangila jusi?" Pochilandira mwaphuma ndinadzithira pachifuwa. Munaseka mpaka misozi: "Mwaiche, mwana wanga, mwala wa mu Lusaka uli na ming'alu. Madzi safunsa njila ku kompyuta." Tsiku lomwelo mabanja aja anasiya kumwa pachitsimecho.

Papita chaka chitisiyireni, ndipo sindisaina kanthu ndisanathire utoto. Mkazi wanga akuti shatiyo tiziikolopera. Ndakana.