Bondo Limene a Nangozo Anathowa

Ndikati ndikumbukire a Nangozo, chimayamba kufika ndi fungo la nsatsi zokazinga, fungo lolemera lija lokanirira m'nsalu, kenako ndimawaona atakhala pakhonde pawo ku Ntcheu, miyendo atatambasula, phale lili pamakala, utsi ukuwalowa m'maso koma iwo osaphethira, akufinya kansanza kakuda kamene kanathowa miyendo ya theka la mudzi wathu. Nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu la mbuzi. Anali mayi wa mapasa, ndipo kwathu timati manja a mayi wa mapasa amawongola pobinya. Ndiye wogwa mumtengo, woponda mwala molakwika, wopondedwa ndi ng'ombe, onse ankabwera akutsimphina mpaka pakhonde limenelo, ndipo ine, kamtsikana kopanda mano akutsogolo, ndinkatunga madzi otentha ndi chikho n'kumaonerera.

Sanali munthu wolankhulalankhula. Asanagwire munthu ankafunsa mafunso awiri okha. "Linalira? Linatupa pompo kapena mawa lake?" Kenako ankatsinzina, n'kuyendetsa zala zawo pamalopo ngati akusankha miyala mumpunga. Ena ankawathowa, kuwapaka mafuta a nsatsi, basi mawa ali kumunda. Ena ankangowapukuta n'kunena kuti, "Mnofu ndi wanga, koma izi ndi za kuchipatala cha mishoni. Pitani lero."

Chimene chandikumbutsa mayi amenewa chaka chino ndi mdzukulu wanga Tadala. Inenso Mulungu anandipatsa mapasa, ndipo mmodzi wa iwo, Esinati, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye ananditengera kuno ku Leeds, ku Mangalande. Amalawi a kutchalitchi kwathu atamva kuti ndine mayi wa mapasa anayamba kundibweretsera akakolo awo ndi misana yawo, ine n'kumathowa monga ndinaonera. Tadala, mwana wa Esinati, anakula akuona zimenezi. Ndi wobadwira kuno, wamtali ngati mlongoti, amamva Chichewa chonse mpaka chotukwana, koma amayankha m'Chingerezi. Tinazolowerana choncho, iye chake, ine changa, n'kumakumana pakati.

Atalowa yunivesite anayamba mpira wa ku Australia. Musandifunse malamulo ake. Mpirawo ndi wosongoka ngati papaya, amaumenya ndi phazi, amaumenya ndi chibakera, mitengo ya golo ndi inayi mbali iliyonse, ndipo munthu amaloledwa kukwera pamsana pa mnzake kuti auwakhe m'mwamba. Ntchito ya Tadala ndi yolumpha pakati pa bwalo mpira ukaponyedwa kumwamba, iye ndi mtsikana wina wamtali wa timu inayo, mawondo akugundana m'malere. Ndinapitako kamodzi kukaonera, ndinathera nthawi yonse nditaphimba kumaso ndi mpango.

Masewera enieni amayamba mu Epulo, koma kuyambira Januwale amakhala akukonzekera, nthawi imene chisanu cha kuno chimaluma mpaka m'mano. Pafiriji anamata pepala la masiku. Ine zilembo zinandikana, koma mitundu ndimaidziwa: lofiira linali tsiku lothamanga, lobiriwira lonyamula zitsulo, lachikasu logwetsana pamatope. Ankandiuza za mayeso ena othamanga pakati pa mizere iwiri, kachipangizo kakulira "pii", kenako "pii" mofulumirirapo, mpaka munthu kusanza. Ankabwera milomo itachita mbuu, zala zitauma osatha kumasula zingwe za nsapato, ine n'kumamumasulira. Chaka chatha anathera nyengo yonse atakhala panja pa bwalo kudikira, ndiye chaka chino analumbira kuti alowa. Kochi wawo, bambo wofiira nkhope wa ku Australia komweko, amene amavala kabudula ngakhale kutagwa chisanu, analengeza kuti Loweruka lomaliza la Febuluwale awayesa onse n'kusankha oyamba masewero oyamba.

Lachisanu la sabata imeneyo m'mawa, Esinati atangotuluka kupita kuntchito, ndinamva Tadala akutsika masitepe, osati monga amatsikira, awiriawiri, koma limodzi, kuima, limodzi, kuima. Analowa kukhitchini atanyamula beseni la madzi ndi thawulo.

"Agogo, mundithowe," anatero m'Chingerezi chake. "Koma amayi asadziwe."

Anapinda buluku. Bondo lamanja linali ngati dzungu.

"Zachitika liti?"

"Dzulo kophunzira. Ndinalumpha, ndinatera molakwika. Si kanthu, ndinadzuka ndekha, palibe anaona."

"Linalira?"

Anayang'ana pazenera.

"Iwe Tadala, ndikufunsa. Linalira?"

"Pang'ono. Linangoti phwa."

"Linatupa pompo kapena lero?"

"Ndisanafike pa basi."

 Ndinamugoneka pasofa, ndinagwira ntchafu ndi dzanja limodzi, msongolo ndi linalo, ndinatsinzina, n'kukoka pang'onopang'ono. Abale anga, msongolo unabwera. Unabwera ngati khasu lokhwepa pampini. Ndipo m'nyumba ya ku Leeds, mopanda makala, mopanda phale, ndinamva fungo la nsatsi.

Bondo lotere ndinali nditalionapo kamodzi. Linali la achimwene anga a Lameki. Masiku amenewo anyamata ankapita kumigodi ya ku Joni, ndipo olemba anthu ankafika paboma n'kumayesa amuna ngati ng'ombe: kuwavula, kuwaika pasikelo, kuwalumphitsa ndi mwendo umodzi. Abambo anali atamwalira, ndipo achimwene ankafuna kukwatira mtsikana wina wa kutsidya. Anakonzekera kuyambira mvula yoyamba. M'mawa uliwonse ankathamanga kukwera phiri atasenza mwala, kubwera n'kudya mtedza ndi nthochi kuti sikelo iwakonde, ife ana tikuwaimbira m'manja. Kutatsala masiku atatu kuti akayesedwe, analumpha khwawa limene ankalilumpha tsiku ndi tsiku, n'kutera pamwala woterera.

A Nangozo anafunsa mafunso awo awiri, anagwira, anakoka, n'kupukuta manja.

"Amake Lameki, bondo ili likusewera. Si langa ayi. Mubwereke ngolo, apite ku mishoni lero."

Amayi anagwada pafumbi. Ndikuwaonabe mpaka lero, mpango utagwa, atagwira mapazi a a Nangozo.

"A Nangozo, akapita ku mishoni akamugoneka mwezi, galimoto ya ku Joni ikamusiya. Mwana ameneyu wavutika mvula yonseyi mukuona. Masiku atatu okha. Mungomuthandiza adutse pasikelo, zinazo akachirira konko."

"Ndati si langa."

"Tinakulira limodzi, inu. Munandigwira pobereka mwana yemweyu. Lero mundikane?"

A Nangozo anatakasa nsatsi, phale likulira pamakala. Kenako anati kwa ine, "Katunge madzi." Anathowa m'mawa ndi madzulo masiku awiri, anapaka mafuta, anamanga ndi nsalu ndi luzi mothinitsa, ndipo chotupa chinaphwa pang'ono, mudzi wonse n'kumati manja a mayi wa mapasa salephera. Achimwene anayenda wapansi mpaka paboma atabisa nsaluyo m'buluku. Kumeneko anaimasula kuseri kwa mtengo, analowa pamzere, anauzidwa kulumpha ndi mwendo umodzi. Kulumpha koyamba kunatheka. Kwachiwiri bondo linapindikira m'mbali.

Anabwera pangolo atagona chagada, osayang'ana munthu. Pamene ankafika ku mishoni, anawauza kuti achedwa, zawonongeka zambiri. Mwendo unauma choncho, ndipo anatsimphina mpaka tsiku limene tinawaika. Mtsikana wa kutsidya uja anakwatiwa kwina. A Nangozo sanapepese ndi pakamwa, sanali otero. Koma chaka chilichonse mvula isanagwe, mbandakucha tinkamva khasu likulira m'munda wa achimwene, ndipo ankamaliza mizere yonse asanakhudze munda wawo, mpaka msana wawo unapindika. Tsiku lina nditakula ndinawafunsa chifukwa. Anati, "Manja anga anandiuza zoona. Ine ndinamvera misozi."

Ndiye Lachisanu limenelo ndinatsegula maso n'kukhuthula madzi a m'beseni musinki.

"Ili si langa. Tiye kuchipatala."

Tadala analira. Mwana amene sanalire atathyoka chala, analira ngati khanda, akulankhula Chingerezi chothamanga chimene ndinkangotolamo apa ndi apo: miyezi iwiri m'chisanu, chaka chonse chokhala panja, mawa lokha, kuthamanga kokha, akangosankhidwa adzapuma. Anagwira manja anga n'kuwaika pabondo pake. "Mumathowa anthu a kutchalitchi, Agogo, anthu osawadziwa n'komwe. Ine ndine wanu." Ndikuuzeni zoona, ketulo ndinaiyang'ana. Ndinaiyang'ana kawiri. Koma sindinaiyatse. Iye anakwera kuchipinda kwake, n'kunena ali pamasitepe kuti ndikawauza amayi ake sadzandiuzanso kanthu moyo wake wonse.

Tsiku lonse ndinazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Esinati anabwera atatopa, miyendo itatupa, ndinamuyang'ana, mawu anafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkadziuza kuti mwina mwanayo akadzuka m'mawa aona yekha kuti sizingatheke. Ndinkadziuzanso kuti mwina manja anga akalamba, akunama.

Loweruka m'mawa, Esinati atapitanso kuntchito, ndinamva chitseko chikutsekeka. Mubafa ndinapeza pepala la bandeji ndi kapaketi ka mapilitsi opha ululu kopanda kanthu. Ndinavala majuzi awiri ndi jekete la Esinati. Manambala ndimawadziwa, ndipo basi ya ku bwalo ndinkaikumbukira. Inachedwa. Inaima pamalo alionse, anthu akukwera mosafulumira, wina akufunafuna khadi m'thumba, ine ndikuwerenga m'mutu: kulumpha koyamba kumatheka, kwachiwiri ayi.

Ndinawapeza akuthamanga pang'onopang'ono mozungulira bwalo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, udzu utayera ndi chisanu. Tadala anali kumbuyo kwenikweni, atavala buluku lothina kubisa bandeji, akumwetulira kumwetulira kwa munthu woluma mano. Kochi anali akuika tizipewa tapulasitiki pamizere iwiri ija. Pambali panaima mayi wina wachizungu wa chikwama chofiira, amene amamutcha fiziyo, woona za ovulala. Ndinaponda matope mpaka pamene anali. Chingerezi changa cholankhula ndi cha moni ndi zikomo, ndiye ndinaloza Tadala, ndinamenya bondo langa, ndinati "phwa!", kenako ndinamuonetsa ndi manja awiri mmene msongolo unabwerera. Mayi uja kumwetulira kunatha. Anaitana kochi, kochi analiza wezulo.

Anamukhazika pabenchi, anamasula bandeji, atsikana onse atazungulira, ndipo mayi uja anagwira ntchafu ndi dzanja limodzi, msongolo ndi linalo, ndendende ngati a Nangozo, kungoti iye sanatsinzine. Anakoka kamodzi kokha. Anayang'ana kochi n'kupukusa mutu.

Tadala anadzutsa nkhope. Chichewa chimene ndinachidikira zaka makumi awiri chinatuluka tsiku limenelo, chomveka bwino, pamaso pa azungu onse aja.

"Agogo, mwandipereka. Ndinakukhulupirirani."

Kuchipatala anajambula n'kupeza kuti mtsempha wogwira bondo mkati unaduka, koma zina zonse zinali zisanawonongeke. Dokotala anauza Esinati kuti akanathamanga mayeso aja mwina nkhani ikanakhala ina. Anati mwina. Anatinso pakufunika opaleshoni, kenako pafupifupi chaka, ndipo palibe angalonjeze kuti adzalumphanso monga kale. Kalata ya tsiku la opaleshoni tikuidikirabe. M'mawa uliwonse kachitseko ka makalata kakalira, ndimatola mapepala onse n'kuwaika patebulo, osadziwa kuti ofunikawo ndi ati. Timu yayamba masewera popanda iye. Mtsikana wina ndiye akulumpha pakati.

Masabata asanu ndi limodzi sanandilankhule. Ine munda woti ndimulimire ndilibe, ndiye ndinkachita zimene ndingathe: kumutengera paketi ya nsawawa zozizira mufiriji kuti aike pabondo, monga fiziyo analamulira, poti iwo akuti chotupa chatsopano chimafuna kuzizira osati kutentha, ndi kumunyamulira chikwama mpaka pa basi Loweruka, chifukwa amapitabe ku bwalo kukagwira wotchi ndi kulemba nthawi za anzake. Ankayenda patsogolo ndi ndodo zake, ine pambuyo, osayankhulana.

Sabata yatha masana ndinali kusenda mbatata pamene anabwera n'kukhala pasofa paja. Anaika beseni pansi, ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi kamene anagula yekha kusitolo. Ndinayamba kupukusa mutu, koma iye anapinda buluku la mwendo wamanzere, wabwinowo, umene wakhala ukusenza thupi lonse kuyambira Febuluwale.

"Uwu ukuwawa, Agogo. Katumba yense wauma."

"Unalira?"

"Ayi."

"Unatupa?"

"Ayi." Anasunthira beseni kwa ine. "Uwu ndi wanu?"

Ndinagwira, ndinatsinzina, ndinayendetsa zala. Mnofu wokhawokha, wotopa. Mafuta a m'botolo alibe fungo la utsi ngati a a Nangozo, koma manja anga sanafunse zimenezo. Ndinayatsa ketulo.