Anandigwira Chifukwa cha Intaneti

Geti linatsekedwa ine ndili pa makwerero, waya ali kukamwa.

"Tsikani, ba Phiri," anatero mayi wa nyumbayo. "Simuchoka pano mpaka intaneti isebenze. Foni bweletsani."

Ndinatsika. Mlonda wake anali wamtali ngati mlongoti. Foni ndinapereka.

Ku Katete ndinachoka chaka chimene mbozi zinatha chimanga. Amake Dalitso, mkazi wanga, anati pitani, pano mungotithera ufa. Ku Lusaka ndinkagona ku Kabwata, m'chipinda cha mnzanga. Lamlungu linkatalika. Kenako ndinapezana ndi Mwansa, wa ku Luapula, wa za makompyuta. Ofesi analibe. Kampani yake inali chikwama ndi foni. Iye ankalankhula Chingerezi, ine ndinkakwera denga kumanga mawaya a intaneti. Ndalama zikapezeka ndinkatumiza kumudzi. Zikasowa ndinkazimitsa foni.

Mwansa anali ndi khalidwe limodzi. Kasitomala watsopano ankamuyankha foni isanalire kawiri. Wakale ayi.

Mayi wonditsekera geti uja, wa ku Woodlands, anali atakhala kasitomala wakale. Mwana wake ankakwatiwa sabata lomwelo, ndipo abale a kunja ankafuna kuonera ukwati pa intaneti. Mwansa anati akukagula waya m'tauni. Anapita osabweranso.

Mayi anamuimbira pa foni yanga, ine ndikumva.

"Munthu wanu nili naye. Ngati mumufuna, bwelani musilize nchito."

"Shani, madamu! Uja si wanchito wanga. Ni fililansi. Aziimilila yeka."

Anadula. Ndi mmene ndinadziwira dzina la ntchito yanga: munthu wopanda womuwombola.

Kunena zoona, sindinavutike. Anandiika m'kanyumba ka kuseri, matiresi wofewa. M'mawa tiyi wa mkaka. Masana nkhuku. Ndinkathirira maluwa kuti ndisachite manyazi. Koma geti ndi geti.

Tsiku lina foni yanga inalira m'manja mwa mayi. Anali amake Dalitso.

"Mwamuna wanu ali kunyumba kwanga," anatero mayi. "Sachoka."

Mawa lake masana kunamveka kugogoda. Amake Dalitso, chitenje chili m'chiuno, fumbi la basi kumapazi. Anandiyang'ana masaya.

"Mwanenepa, atate Dalitso."

Pamenepo ndi pamene ndinaopa zenizeni.

Azimayi awiriwo analowa m'nyumba. Ndinadikira phokoso. Ndinamva kuseka. Atatuluka, amake Dalitso anandifunsa funso limodzi: Mwansa amayankha ndani? Ndinawauza.

Anamuimbira Mwansa pa foni yawo, mawu atawasintha ngati a kubanki. "Tatsegula ofesi yatsopano, makompyuta ndi ambiri. Tipezane pa kona ya msewu."

Mwansa anafika nsapato zikuwala, mafuta akununkhira. Mlonda anamugwira lamba kumbuyo, n'kumulowetsa ngati mbuzi ya pa msika.

"Ba Phiri, mukamba chani? Nithandizeni!"

"Ndine fililansi," ndinatero.

Mayi anandibwezera foni, n'kutikulungira nkhuku ya panjira. Ndikutuluka, Mwansa anali pa makwerero, waya ali kukamwa.

Tikiti ya basi amake Dalitso anali atagula kale. Sanandifunse.

Kumudzi ndinapeza denga la malata, nkhumba m'khola, Dalitso ali pa sukulu. Zonse zinkayenda popanda ine. Ndinapezanso nkhani yanga itandidutsa. Amake Dalitso ponyamuka sanafune kuti anthu amve zoti ndasungidwa ndi mzimayi. Anangoti ndagwidwa ndi achifwamba. Ku tchalitchi anandipempherera.

Pa golosale amuna anandizungulira.

"A Phiri, akuti anali ndi mfuti! Ankakupatsani chakudya koma?"

"Nanga munathawa bwanji?"

Amake Dalitso anali pa khomo la golosale, sopo ali m'manja, akundiyang'ana.

Ndinakonza chipewa, n'kulowera njira ya kudimba.