Kolorini wa ku Kandeu

Christobel anabwerera kwa makolo ake ku Kandeu mwana ali kumsana, ukwati utatha. Amene anauthetsa ndi a Hannah, mayi woyandikana naye nyumba kumudzi kwa mwamuna wake, amene ananong'oneza mwamunayo kuti amuona Christobel ali ndi wogula mbatata wa ku Nsipe. Bodza lamkunkhuniza, koma bamboyo anangolimeza osatafuna.

Christobel analembetsa sukulu ya masana kuti abwereze Fomu 4, adzakhale namwino. Koma kuwerenga ankawerenga liti? Akangomva kuti a Hannah anenanso zakuti, ankavala nsapato kukadziyeretsa khomo ndi khomo. Mayeso atatuluka, kemisitile inamugwetsa chagada.

Bambo ake, a Fyson, amene unyamata wawo unathera m'migodi ya ku Joni, zinawakwana.

"Ukalakwanso mayeso chaka chino, ubwerera kwa amuna ako ukapepese," anatero. "Ndatopa n'kulozedwa zala kutchalitchi."

Kupepesa chiyani, abale? Wolakwa ndani? Zinamuwawa zedi.

Kusukulu nako mutu unali waukulu. Aphunzitsi ake, a Maynard, ankafotokoza za ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Gasi wa m'mafuriji akale akakwera kumeneko, dzuwa limamuswa n'kutulukamo kolorini. Koloriniyo amatsomphola okosijeni mmodzi pa atatu amene amapanga ozoni, ozoniyo n'kuphwasuka. Kenako amamutaya wotsompholedwa uja n'kukagwira ozoni wina. Chinthu chotere amati katalisiti.

"Aphunzitsi, mukundizunguza mutu," anadandaula Christobel. "Sopo amatha, nkhuni zimatha. Iyeyu ndani woti agwire ntchito osatha?"

"Satha, mayi. Mmodzi yekha amaphwasula masauzande."

Anachoka osamvetsa. Loweruka lake ali kuchigayo anamva kuti kumudzi kwa mwamuna wake kuja ukwati wina watha, winanso ukugwedezeka. Pakamwa pa a Hannah pomwe paja! A Hannah okha ali phee pabanja pawo, akunenepa. Christobel anaseka mpaka amayi anzake kumuyang'ana. Kodi kolorini uja si ameneyu?

Lolemba anafika woyamba m'kalasi.

"Aphunzitsi, kolorini ameneyu anamugwira bwanji?"

"Angamugwire ndani kumwamba kuja? Mayiko anangogwirizana kuleka kupanga gasi uja. Ozoni akuchira yekha, pang'onopang'ono."

Basi, Christobel analeka kuyankha miseche. Anthu akabwera nazo, ankangoti, "Zikomo, ndamva," n'kutsegula buku. Zinali zowawa, chifukwa lilime linkamuyabwa zedi, koma anapirira. Funso la katalisiti litabwera pamayeso, analemba mpaka pepala kuchepa.

Zotsatira zinatuluka: wakhoza, ndipo malo ku sukulu ya unamwino anawapeza. Sabata yomweyo ankhoswe a mwamuna uja anatulukira, akuti abwera kudzatenga mkazi wawo, bola apepese.

A Fyson anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana alendo aja.

"Chikwama walongedza kale, koma ndi cha kusukulu, sakubwera kwanu," anatero. "Wolakwa ndine, amene ndinafuna kugwaditsa mwana wosalakwa. Muyende bwino."

Inu amene mukunenedwa lero, pakamwa pa munthu simungapatseke, mungotha ndinu. Nthawi yanu musaipereke kwa amiseche, ipatseni ntchito imene muli nayo m'manja. Kuchira kumachedwa, koma kumabwera. Musataye mtima!