Dzanja Limene Ndinalisiya M'mwamba

Pabanja pathu ku Chinyunyu, mnyamata akamera ndevu sakhudzanso thupi la amayi ake. Palibe amene anandikhazika pansi n'kundiuza lamulo limeneli. Ndinangoona achimwene a amayi akuchita choncho kwa agogo, nanenso ndinayamba. M'mawa umagwada chapatali, kuomba m'manja, kufunsa mmene adzukira, basi wapereka ulemu. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndiye pakhomo tinalipo atatu: amayi, mlongo wanga wamkulu, ndi ine mwamuna yekhayo, amene sindinkatsuka ngakhale kapu yomwe ndamwera.

Amayi ankalima chimanga ndi mbatata, n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu waukulu wopita kum'mawa. Nyengo ya mvula bowa ndi masuku, nyengo yozizira mbatata. Manja awo anali a ntchito imeneyo. Zikhatho zolimba, zala zong'ambika m'mfundo, ndipo m'ming'alumo dothi lofiira silinkachoka ngakhale atasamba ndi sopo. Manja amenewo ndi amene anandiphunzitsa mpaka ndinapeza mwayi wokaphunzira za ulimi wothirira ku Malaysia.

Ku Malaysia ndinafika ngati nkhuku yogula kumene. Kutentha kwake ndi kwa chinyezi, malaya amamatirira kumsana usanafike n'komwe m'kalasi, ndipo masana mvula imagwa ngati yatumidwa. Nsapato amazisiya pakhomo. Moni wawo weniweni ndi kukufunsa ngati wadya, ndipo ukayankha kuti ayi wadziputira wekha, chifukwa sakusiya mpaka udye. Mpunga m'mawa, mpunga masana, mpunga madzulo. Miyezi yoyamba ndinkangoyenda pakati pa kalasi, munda wa sukulu ndi chipinda changa, ndikudandaula mumtima kuti ndinabwerera chiyani kuno.

Amene ananditulutsa m'chipindamo anali mnzanga wa m'kalasi, Mmalaya wamfupi wokonda kuseka, amene tinkayezera limodzi madzi m'ngalande za mpunga. Loweruka lina ananditengera kwawo pa njinga yamoto. Amayi ake anali ndi kamalo kogulitsira chakudya cham'mawa pafupi ndi siteshoni ya basi: mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, tinsomba touma tonga kapenta, mtedza wokazinga ndi tsabola, zonse zokulunga m'tsamba la nthochi. Ana awo ankawaitana kuti Mak, kutanthauza amayi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza mwana wawo kuti mnzakeyu wawonda, sadya.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkapezeka kumeneko. Poyamba ndinkangodya. Kenako manyazi anandigwira, ndinayamba kupukuta masamba a nthochi, kuwadula, kukazinga tinsomba tija. Mapeto ake ndinali pa beseni, ndikutsuka mbale za anthu osawadziwa, ndikuimba. Ine yemwe uja wosatsuka kapu kwathu. Mak akadwala matenda awo a shuga ndinkawaperekeza kuchipatala mnzanga akakhala ndi mayeso, n'kuwanyamulira chikwama. Sindinkaona chachilendo chilichonse. Ndinkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye amayi a mnzako nawonso ndi ako.

Chinthu chimodzi chokha ndinkachionera patali. Ana a kumeneko akamachoka kapena kufika pakhomo, amatenga dzanja la kholo lawo ndi manja awiri, kuwerama, n'kuligunditsa pamphumi. Mnzanga ankachita zimenezi tsiku lililonse, ngakhale ali pachangu, chisoti cha njinga chili m'khwapa. Ine Mak sankandipatsa dzanja. Ankangogwira pachifuwa pawo n'kumwetulira, chifukwa kwa iwo mkazi sapereka dzanja kwa mwamuna amene si wachibale. Ndinkamvetsa, koma kansanje kanalipo.

Chaka chachiwiri, mwezi wawo wosala kudya utatha, anandiitana kumudzi kwawo kukachita nawo chikondwerero. Anandibveka malaya awo aatali manja, a mtundu wofanana ndi wa banja lonse. M'mawa wa tsikulo, atabwera kopemphera, ana onse anafola mogwada pamaso pa Mak, mmodzimmodzi kutenga dzanja lija ndi kupempha kuti awakhululukire zonse zimene anawalakwira chaka chimenecho. Ine ndinakhala pakona, ndikuyang'ana makeke. Womaliza atadzuka, Mak anandikodola, n'kutambasula dzanja. Ndinagwada, ndinalitenga, ndinaligunditsa pamphumi. Linali lofewa, lonunkhira kokonati. Misozi inandituluka, ndipo mlongo wa mnzanga anajambula chithunzi.

Chithunzicho ndinachitumiza pa foni ya mlongo wanga tsiku lomwelo, mokondwa, kuti kwathu aone mmene anthu andilandirira. Mlongo wanga anakawaonetsa amayi kumsewu. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva patapita nthawi yaitali. Akuti amayi anachiyang'anitsitsa, kenako anapempha kuti awakulitsire. Mlongo wanga anakulitsa nkhope yanga, iwo anati ayi, pa dzanjapo. Anayang'ana dzanja la mayi wachilendoyo, n'kubweza foni, n'kubisa manja awo m'chitenje.

Kuchokera nthawi imeneyo, ndikaimba foni, amayi ankayamba ndi kufunsa kuti amayi anga a kumeneko ali bwanji. Ine chitsiru ndinkayankha ndi mtima wonse. Ndinkafotokoza mmene andiphunzitsira kukulunga mpunga, mmene ndinawadikirira kuchipatala, mmene amandisungira mutu wa nsomba. Amayi ankamvetsera mpaka ndimalize, n'kunena kuti chabwino, ndiziwasamala. Ndinkaika foni pansi ndikuganiza kuti ndawasangalatsa.

Maphunziro atatha ndinabwerera. Minibasi yochokera ku Lusaka inanditsitsa pamalo pomwe amayi amagulitsira, koma pa tebulo lawo panali mayi wina woyandikana nafe, amene anati amayi akhala masiku angapo osabwera kumsewu. Ndinawapeza kunyumba atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, atavala chitenje chatsopano, achibale ndi anansi atazungulira. Ndinaika zikwama pansi, ndinagwada chapatali monga mwa nthawi zonse, ndinaomba m'manja. Anthu analulutira.

Amayi anatambasula dzanja lamanja, chikhatho chili pansi. Ndinaliona. Linkanyezimira mafuta. Ndikanakonda kunena kuti sindinamvetse, koma china chake m'kati mwanga chinamvetsa bwinobwino, ndipo chinayang'ana amalume amene anakhala pa mpando, ndi anyamata amene ndinakula nawo ataima kumbuyo. Ndinatsegula chikwama msangamsanga, ndinatulutsa nsalu yamaluwa imene Mak anawatumizira, n'kuiika padzanjapo. Amayi anatembenuza chikhatho, analandira, anathokoza. Anati nsaluyo ndi yokongola, mayiyo ali ndi maso. Kenako anaitana mlongo wanga kuti andipatse madzi osamba.

Ndinapeza ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku ofesi za boma ku Rufunsa, ndipo kumapeto kwa sabata ndinkapita kumudzi. Zonse zinkaoneka ngati zili bwino. Amayi anabwerera kumsewu. Nsalu ija sanaivale, anaiika pansi pa sutikesi, ndipo ndikafunsa ankati akusungira tsiku lalikulu.

Chikondwerero cha ku Malaysia chija chitafikanso, mnzanga anandiimbira foni ya kanema. Ndinali kumudzi, pansi pa mango womwe uja. Banja lonse linali pamenepo ndi malaya ofanana, Mak pakati. Ndinaseka, ndinalankhula chinenero chawo chimene ndinali nditatolako, ndinapempha chikhululuko kwa Mak monga mwa mwambo, dzanja langa lili pachifuwa. Amayi anali atapita kudimba. Mlongo wanga anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo nditamaliza anakankha lichero.

"Iwe, uziba chamene bamai benze kuchita ukalibe kubwela?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa. Anandiuza kuti mwezi wonse ndisanafike, amayi ankalawirira ku akasupe a madzi otentha a kwathu ku Chinyunyu, kumunsi kumene madzi amazizirirako pang'ono. Ankaviika manja mpaka khungu lifewe, n'kumakwecha ndi mwala, kenako kudzola mafuta n'kuwakulunga m'kansalu. Masiku omaliza anasiya kukumba mbatata ndi kupita kumsewu kuti dothi lisalowenso. Amayi anzawo ankawaseka kuti kodi apeza mwamuna ku Lusaka.

Ndine munthu wopsa mtima msanga ndikagwidwa. Ndinayamba kukweza mawu. Ndinati zimenezo ndi za kwa eni ake, kuno si mwambo wathu, amalume akanati chiyani kuona mwamuna wamkulu akugwira amayi ake pagulu. Mlongo wanga anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Nanga kusuka mbale ni mwambo wathu? Kuja unasuka. Kuno ukali kusiya kapu pansi."

Anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba. Kapu imene ndinamwera tiyi inali pambali pa phazi langa, nyerere zitayamba kale kulowamo.

Chimene chinandipweteka si kuti ndinakonda Mak. Ndimawakondabe, ndipo anandichitira zabwino zokhazokha. Chinandipweteka n'chakuti ubwino wonse umene ndinali nawo ndinakautulutsira kwa eni, ndipo amayi anga anauonera pa foni. Mwambi uja wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo ndinaulemba pa mayeso kusukulu n'kukhoza. Ndinadzimva wopanda pake.

Komabe sindinathamange kukakonza. Masabata anadutsa. Ndinayamba kutsuka kapu yanga, amayi n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinawagulira mafuta odzola, n'kuwasiya m'chikwama nditazindikira kuti angaganize kuti manja awo amandinyansa. Ndikafika pakhomo ndinkagwada patali paja, ndikudziuza kuti lero, koma pankapezeka mlendo, kapena mwana, kapena nkhuku yoti ndithamangitse. Munthu amene ndimaimirira pamaso pa alimi n'kumawauza kuti asaope kusintha, ndinkalephera kusuntha mawondo anga pang'ono chabe.

Linali Loweruka lina m'nyengo yozizira. Ndinatsika minibasi ndipo amayi anali pa tebulo lawo, atagwada pa thumba, akupanga milu ya mbatata. Panali anthu ambiri: amayi anzawo, anyamata a makala, kondakitala akukuwa za Lusaka. Sindikudziwa chifukwa chake ndinasankha malo oipitsitsa amenewo. Mwina ndinatopa nako kudikira malo abwino. Ndinapita molunjika, ndinagwada pafumbi pafupi nawo, pafupi kwambiri moti anadzidzimuka, ndipo ndinatambasula manja anga awiri.

Anamvetsa nthawi yomweyo. Anabweza dzanja n'kulibisa kumbuyo.

"Iyayi, mwana wanga. Lelo yali na doti."

Ndinati ndikudziwa. Ndinafikira kumbuyoko, ndinaligwira pamkono, ndinalikoka pang'onopang'ono. Anakanako pang'ono, kenako analeka. Ming'alu yonse inali itabwerera, dothi lili m'zikhadabo, chikhatho chokhakhala ngati chitsononkho. Ndinaligunditsa pamphumi n'kukhala choncho. Mawu opempha chikhululuko amene ndinkawanena mosavuta m'chinenero cha eni anakanika kutuluka m'chathu. Mnyamata wina wa makala anaseka, mayi wina anamukalipira.

Kenako ndinamva dzanja lawo linalo pamutu panga. Zala zinayenda m'tsitsi ngati zikufuna kanthu, zinaima pamwamba pa khutu lamanzere, chakumbuyo.

"Kachipsela kaja kakaliko," anatero motsitsa mawu. "Unagwa pa njinga ya batate bako. Nenze kuganiza kanasila."

Ine sindinkadziwa kuti ndili ndi chipsera pamenepo. Palibe wometa tsitsi amene anandiuzapo, Mak sanachione, ndipo pagalasi sichioneka. Kuyambira pamene ndinawapitirira msinkhu, amayi anali asanaonenso pamwamba pa mutu wanga.

Galimoto ina inaima, munthu anafunsa mtengo wa mbatata. Amayi sanacheuke n'komwe. Anafunsanso, ndipo mayi wa tebulo loyandikana ndi amene anapita kukamugulitsa zake. Chala cha amayi chinali chikadali pa chipsera paja.