Tsiku Limene Anandiitanitsa ku Hara

Ndinanyamuka pa boma la Karonga Lachinayi m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali wake. Potuluka ndinawauza mayi oyandikana nawo nyumba kuti ndikapanda kubwera pofika Lamlungu, mwana wanga amutumize kwathu ku Ntcheu. Anangovomera m'Chitumbuka kuti "Yewo," osafunsa chifukwa. Zaka zimenezo zinthu zotere sitinkafunsana.

Ndinali mlangizi wa amayi. Ntchito yanga inali kuyendera masukulu a kwacha, kumene anthu akuluakulu ankaphunzira kulemba, kuwerenga, kusoka ndi kusamalira ana. Dzulo lake abwana anga anandiitanira mu ofesi, natseka chitseko. "Kwabwera lamya," anatero. "A tcheyamani a chipani ku Hara akukufunani mawa. Akuti ndi nkhani ya sukulu yanu ija." Sanandiyang'ane kumaso.

Ine ndinadziwiratu pamene panali vuto. Lamulo linali loti tiziphunzitsa m'Chichewa basi. Koma mphunzitsi wathu wa ku Hara, a NyaGondwe, ankamasulira zonse m'Chitumbuka, ine ndikudziwa, chifukwa amayi ambiri kumeneko Chichewa ankangochimvera pa wailesi. Anthu ankazimiririka pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

Pa depoti anyamata a malaya ofiira anaima pakhomo la basi kuona makadi a chipani. Langa ndinalionetsa ndi manja awiri. Kondakitala analandira kwacha imodzi ndi matambala angapo, nandilozera kumbuyo, pakati pa mkoko wa nthochi ndi msilikali wobwerera ku Chilumba.

"Chikwama chonsechi, mayi? Mukusamuka?" anafunsa msilikaliyo.

"Ayi bambo, ndi zantchito."

Munali bulangete, sopo ndi zovala zosinthira. Tisanafike pa Lupembe mkuluyo anali atagona, mutu wake paphewa panga, akuliza mkonono. Sindinalimbe mtima kumudzutsa. Ndinangoumitsa khosi, basi ikudumpha m'maenje.

Cha m'ma naini tinaima pa Ngara. Fungo la usipa woyanika linalowa m'basi anthu asanalowe. Amayi ankakweza mabeseni pamawindo, wina chinangwa chowotcha, wina usipa wokazinga. Mayi wina wonenepa, amene anakhala patsogolo panga atafungata nkhuku, anagula chinangwa, natembenuka kundiyang'anitsitsa.

"Nkhope yanu ndi ya maliro, mama. Wafwa njani?"

"Palibe wamwalira."

"Ndiye idyani." Anandinyemera chibenthu. Ndinatafuna mwaulemu.

Titangopitirira Nyungwe basi inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala analowa kunsi kwake, kunja kukungooneka nsapato. Amuna anakankha mpaka thukuta, koma inakana. Poyamba mtima wanga unakondwera, ndinati bwenzi ikanagona pomwepa mpaka chaka chamawa. Kenaka ndinaganiza kuti ndikachedwa adzati ndachita mwano, ndipo ndinayamba kuimitsa galimoto iliyonse. Inatimvera chisoni ndi lole yonyamula matumba opanda kanthu kupita ku sikimu ya mpunga ya ku Hara. Tinakwera anthu angapo, n'kukhala pamatumbapo, mphepo ikutikwapula kumaso. Pa Uliwa msilikali uja anatsika, nandichitira sawatcha. "Zikomo chifukwa cha pilo, mayi," anatero, lole yonse n'kuphulika kuseka.

Ku Hara tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Mpunga unali utacha, minda yonse yachikasu mpaka kuphiri, ndipo paliponse anthu ankakuwa ndi kumenya zitini kuthamangitsa mbalame. A NyaGondwe ankandidikira pamsewu.

"Akuti talakwa chiyani?" ndinafunsa.

"Sakunena, mama. Akuti tidikire imwe. Ine sindinadye chichokere dzulo."

Tinayenda m'mbali mwa ngalande kulunjika kwa a tcheyamani.

A tcheyamani tinawapeza pakhonde ndi amuna ena atatu. Anali munthu wamfupi, baji ya chipani pachifuwa, buluku lopindira m'mawondo, miyendo ili matope okhaokha. Malonje anatalika: za ulendo, za ku boma, za mvula ya kwathu ku Ntcheu. Ine ndinkayankha nditagwada.

"Mayi," anatero pomaliza, "sukulu yanu yatibweretsera mlandu pano."

Ndinaweramitsa mutu.

"Mpunga wacha. Mbalame zatera. Inu sukulu mwaiika thu koloko. Ikangokwana nthawi imeneyo amayi onse amataya zitini, uyo kusukulu! Ife amuna timatsala tikukuwa tokha. Tamvani mawu angawa, ngati a chule."

Analidi osasa. Bambo wina wa chipewa chaudzu analowererapo: "Wanga ndinamuuza kuti lero usapite. Akuti mbalame zidikire, lero tikuphunzira kulemba dzina!"

Ndinadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Nkhani yake ndi yomweyi, a tcheyamani?"

"Kodi ndi yaing'ono? Mpunga ukatha mudzatidyetsa choko?"

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira. Ndinapepesa, ndipo tinagwirizana kuti kufikira atakolola, sukulu izichitika Lamlungu masana anthu akaweruka kutchalitchi. Ya tsiku limenelo anailola, poti mlendo wabwera. Iwo anawonjezanso okha kuti mvula ikadzayamba amayi asamanyowe pansi pa mtengo wa mango pamene ankaphunzirira, adzawapempherera malo m'shedi ya sikimu.

Potiperekeza, amuna ena aja atatsalira m'mbuyo, a tcheyamani anaima. "Tsiku lina ndinadutsa pa mango paja," anatero motsitsa mawu. "A NyaGondwe ankaphunzitsa za madzi a shuga ndi mchere, omwetsa mwana wotsegula m'mimba."

A NyaGondwe anandigwira mkono.

"Mdzukulu wanga ali moyo ndi madzi amenewo. Akazi anga anamva zonse bwinobwino, sanaphonye kanthu." A tcheyamani anakanda kukhutu. "Koma kuti ankalankhula chilankhulo chanji, ine sindinamve. Makutu angawa ndi akale." Anatembenuka n'kumapita kumunda kwawo.

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa ngalande. A NyaGondwe anakhala pambali panga, akupukuta maso ndi chitenje, uku akuseka. Kunyumba kwawo anatenthetsa mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndipo tinadya ngati anthu ochokera kolima, osasiya ndi msuzi womwe.

Thu koloko amayi anabwera m'mizere ya mpunga, ana kumsana, matope m'miyendo. Ine ndinakhala kumbuyo pa muzu wa mango. Poona kuti ndilipo, a NyaGondwe anayamba m'Chichewa, amayi ali duu kungowayang'ana. Ndinasonkhanitsa Chitumbuka changa chonse, chimene sichinali chambiri, n'kunena mokweza: "Yowoyani, mama, kuti ŵapulike!" Ndiye kuti lankhulani kuti amve. Amayi anaseka katchulidwe kanga mpaka ena kugwira nthiti, ndipo phunziro linayenda.

Mawa lake ndinakwera basi yobwerera, ndipo nthawi iyi amene anagona njira yonse ndi ine. Mantha sanathe m'dziko tsiku limenelo, komabe ndinaona kuti ngakhale munthu wovala baji ali ndi mdzukulu. Ndipo kuyambira pamenepo, ndisanaike nthawi ya sukulu pamudzi uliwonse, ndinkayamba ndafunsa eni ake kuti mpunga wawo umacha liti.