Chigayo Chimene Chinkalira Chokha

Inu owerenga, ine ndinadulitsa dzanja la mlamu wanga, mlandu wake n'kuusiyira munthu wosalakwa. Ndazisunga mumtima zaka zambiri, lero ndatopa nazo.

Sukulu ndinalekera Sabu B, kalasi yachiwiri chabe, koma ntchito ya magetsi ndinaiphunzira ndi manja ku Halale, m'fakitale ya mabulangete. Nditabwerera kwathu ku Domasi, dziko litangolandira ufulu, panalibe wondiposa mpaka ku Malosa konse. Mota ikamalira, ine ndinkadziwa nthenda yake ndili panja. Ndinkanena zimenezi mokweza, ndipo zinali zoona.

Mawaya atafika kwathu, a Mpulula, bambo wofatsa ndi wopemphera, anagula chigayo cha magetsi. Wochiyendetsa anali alamu anga a Dayisoni, amuna a mlongo wanga. Pakhoma panali swichi yaikulu, pambali pake bokosi lotchedwa sitata. M'bokosimo muli koilo imene imakoka kachitsulo kolumikiza moto munthu akadina batani. Magetsi akathima koilo imasiya kachitsulo kaja, ndiye ngakhale abwerenso, mota siidzuka mpaka munthu adinenso. Kanthu kakang'ono, koma ndiko mlonda wa manja a anthu.

Tsiku lina koilo ija inapsa. A Mpulula anandituma ku Limbe kukagula ina. Wa m'sitolo anandifunsa nambala yolembedwa pa yakale ija. Ine yakaleyo ndinali nditataya, chifukwa timanambala tija sindinkatha kutiwerenga bwino. M'malo movomera, ndinamukalipira kuti ndinayamba kugwira makoilo iye asanamere mano, n'kuloza imene inafanana ndi maso. Nditaimanga inang'ung'udza pang'ono, kenako utsi tolotolo, basi yapsa.

Ndibwerere ku Limbe akandiseke? Amayi atandanda ndi madengu panja akudikira mmisiri wa ku Halale? Ndinasema kansungwi, n'kukapanikiza pa kachitsulo kaja kuti kakhale kolumikiza nthawi zonse, n'kutseka bokosi. Alamu ndinangowauza kuti mabatani ndi zachibwana, aziyatsira pa swichi yaikulu. Chigayo chinalira, amayi analuluta, ine ndinayenda mapewa m'mwamba.

Patapita masabata awiri kunagwa maliro a achimwene awo a Mpulula. M'mawa wa tsiku loika magetsi anathima alamu akugaya ufa wa pamalirowo, ndiye anangokhoma chitseko ndi loko n'kubwera kumanda. Dzuwa linali paliwombo, mphepo kulibe, ndi mbalame zomwe zii. Adzukulu atangotsitsa bokosi m'dzenje, nyimbo isanayambe, tinamva kutsidya kwa mtsinje kulira kuja: wuuuu, kuyamba pansipansi, kukwera, kukwera. Chigayo chopanda chimanga chimalira mosiyana, inu, chimakhala ngati chikupempha. Anthu anacheuka n'kuona woyendetsa ali pakati pathu, kiyi ali m'khosi. Kenako maso onse anapita pa a Mpulula. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti malemu ayamba kale ntchito.

Mukudziwa zimene anthu amanena za eni zigayo, kuti amakhwimira abale awo n'kuwasandutsa ndondocha zowagwirira ntchito. Ine ndinadziwa pomwepo kuti ndi magetsi angobwera. Koma ndinangopukusa nawo mutu.

M'mawa mwake a Mpulula anabwera kwathu chipewa chili m'manja. "Amisiri, kandionereni bokosi lija, anthu andimaliza." Ndinapita, ndinatsegula ndekha nditawafulatira. Kansungwi kaja kanali pomwepo, kakundiyang'ana. Ndinatseka. Alamu anafunsa mofatsa kuti, "Kapena ndi ine, alamu, poti swichi sindinatsitse?" Apa ndi pamene ndinachimwa kwenikweni. Ndinakuwa kuti anthu a panja amve: "Mutsitse musatsitse, sitata siingalole mota kudzuka yokha! Waya aliyense ali bwino. Izi si za sipanala ayi." A Mpulula anangoyang'ana pansi. Mumtima ndinkati ndikagula koilo mwakachetechete mwezi ukatha, palibe adzadziwe.

Mwezi sunathe. Lachinayi lina masana magetsi anathimanso. Alamu anati apezerepo mwayi wosintha sefa yobooka. Swichi sanaiganizire, poti mmisiri ndinali nditawatsimikizira. Anatsegula chivundikiro n'kupisa dzanja lamanja pakati pa nyundo zogayira. Ine ndinali pamsika chapafupi ndikusewera bawo. Ndinamva wuuuu yemwe uja, kenako mfuu imene sindifuna kuilemba.

Ndine ndinawamanga mkono ndi lamba wanga, ndine ndinawakweza pa lole yopita ku chipatala ku Zomba. Anthu akuthamangira lole ija, ndinalowa m'chigayo, ndinatsitsa swichi, n'kuzula kansungwi kaja. Pansi ufa unali utasanduka phala lofiira. Kansungwiko ndinakataya mumtsinje wa Domasi.

A Mpulula anthu anawagenda miyala, ana awo anasiya sukulu chifukwa chonyozedwa, kutchalitchi anthu ankasiya benchi yonse kuwathawa. Anasamukira cha ku Liwonde, ndipo ndinamva kuti anamwalira komweko anthu akuwatchulabe mfiti. Nyumba ya chigayo ilipobe, yopanda denga. Mawaya anachotsa kalekale, koma ndikamadutsapo masana kuli zii, khutu langa limamva kulira kuja kukuyamba pansipansi. Ndimafulumiza miyendo, nkhalamba yonse ine.

Inu amisiri anzanga, kachipangizo koteteza kakapsa, ikani kofanana nako ndendende. Ngati nambala simuiona, nyamulani kakaleko mukaonetse, akusekeni, mubwereko. Musapanikize, musadumphitse waya, ndipo musalole munthu kupisa dzanja m'makina swichi yaikulu isanatsitsidwe. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo. Ine ndinapatsidwa mpata kumanda, ndinapatsidwanso mpata bokosi lili chitsegukire, ndipo konseko ndinasankha dzina langa.

Alamu alipobe. Amalima ndi dzanja limodzi, khasu atalipanira m'khwapa, ndipo chaka chilichonse amanditumizira nkhuku yothokoza kuti ndinawapulumutsa. Kuwerenga satha, koma zidzukulu zawo zimatha. Alamu, wina akakuwerengerani izi, mwandidziwa kale. A Mpulula analibe mankhwala. Chaka chino nkhuku musatumize, ndibwera ndekha, mudzandinene pamaso.